Khodi ya diplacusis ndi chifukwa chake bilu yanu yabwezedwa

Achemwali, mwafunsa za bilu ya wodwala wa ku United States amene dokotala wamupeza ndi diplacusis, vuto lija loti munthu akamva liwu limodzi limamveka pawiri, lina lokwera lina lotsika. Mwati munalemba H93.22 ndipo a inshuwaransi abweza. Abweza chifukwa H93.22 ndi mutu chabe, si khodi yolipiritsira. Mu ICD-10-CM, buku la makhodi a matenda la ku United States, khodi imeneyi imafuna nambala ina kumapeto yosonyeza khutu: H93.221 lakumanja, H93.222 lakumanzere, H93.223 onse awiri, H93.229 ngati khutu silinatchulidwe. Mukaona H93.2 yokha, imeneyo ndi ya m'buku la WHO, ndipo 388.41 ndi ya buku lakale la ICD-9 lomwe linasiya kugwira ntchito pa 1 Okutobala 2015.

Musathamangire kulemba H93.223, pakuti apa m'pamene ambiri amalakwitsa. Madokotala amakonda kulemba kuti diplacusis binauralis, ndipo wolemba makhodi akaona mawu amenewo amaganiza kuti makutu onse awiri ndi odwala. Sizili choncho. Binauralis imatanthauza kuti wodwala akuzindikira vutolo poyerekeza makutu awiri: lakumanja likumva liwulo mokwera, lakumanzere motsika. Kawirikawiri lowonongeka limakhala limodzi, linalo lili bwinobwino. Palinso monauralis, pamene khutu limodzi lomwelo likumva mawu awiri. Khodiyo siisiyanitsa mitundu imeneyi, imangofuna kudziwa khutu lomwe lili ndi vuto. Ngati dokotala sanalembe, mufunseni molemba kuti awonjezere m'faelo. Musasankhe nokha poyang'ana audiogram, tchati cha zotsatira za kuyeza makutu, ngakhale zikuoneka poyera, chifukwa kutchula matenda ndi ntchito ya amene anaona wodwalayo. H93.229 ndi yovomerezeka ndithu, koma makampani ambiri amaikana, ndipo n'zomveka: munthu wayezedwa makutu, ndiye zingatheke bwanji kuti khutu lisadziwike?

Chachiwiri ndi choti khodi iti ikhale patsogolo. Diplacusis nthawi zambiri imabwera ndi vuto lina la mkati mwa khutu. Ngati dokotala watsimikiza matenda a Ménière, yambani ndi H81.01, H81.02 kapena H81.03. Ngati ndi kugontha kwadzidzidzi kosadziwika chifukwa chake, ndi gulu la H91.2, kuwonongeka ndi phokoso ndi H83.3X1 mpaka H83.3X3, kusamva kochokera ku mitsempha m'makutu onse ndi H90.3. Kusamva kotereku kukakhala pa khutu limodzi samalani: H90.41 (lakumanja) ndi H90.42 (lakumanzere) ndi za pamene khutu linalo likumva bwino, koma ngati nalonso lili ndi vuto la mtundu wina mupite ku H90.A21 kapena H90.A22. Diplacusis ibwere pambuyo, ngati dokotala waitchula payokha n'kuiunika. Koma akalemba kuti "mwina ndi Ménière" kapena "tikukayikira", lamulo la odwala osagonekedwa limaletsa kulemba matenda ongoganiziridwa. Pamenepo H93.22 yokhala ndi khutu lake ndiyo imakhala yoyamba. Onetsetsaninso kuti makutu akugwirizana. H93.221 pamodzi ndi H90.42 ndiye kuti mwaika vuto lina kumanja, lina kumanzere, zomwe n'zotheka koma faelo iyenera kunena choncho.

Kulira kwa m'khutu, komwe amati tinnitus, kuli ndi khodi yake, H93.11 mpaka H93.13, ndipo kumva phokoso wamba ngati lopweteka ndi gulu la H93.23. Musazisakanize.

Tsopano ku CPT, makhodi a ntchito yomwe yachitika, komwe kuli ndalama. Kuyeza kwathunthu ndi 92557, ndipo mkati mwake muli kale 92553 ndi 92556, choncho mukazilemba zonse tsiku limodzi zowonjezerazo zidzakanidwa. Tympanometry yokha, kuyeza kayendedwe ka nembanemba ya m'khutu, ndi 92567, ndipo pamodzi ndi reflex, kuyeza momwe minofu ya m'khutu imachitira pakamveka phokoso, ndi 92550. Makhodi amenewa amawerengera makutu onse awiri. Musaike modifier 50, nambala yowonjezera pa khodi yosonyeza mbali zonse ziwiri, ndipo ngati layezedwa khutu limodzi ikani 52, yosonyeza kuti ntchito yachepa. Chokopa kwambiri ndi 92625, chifukwa muli kuyerekeza kukwera kwa mawu, komwenso amachita pofufuza diplacusis. Koma khodi imeneyo ndi ya tinnitus. Ngati wodwala alibe tinnitus yolembedwa m'faelo, kuilemba ndi kulipiritsa ntchito yomwe sinachitike, ndipo akadzafufuza mabilu anu ndalamazo mudzabweza. Kuyeza diplacusis kulibe khodi yakeyake. Chomwe chilipo ndi 92700, khodi ya ntchito zosatchulidwa, ndipo imafuna lipoti lofotokoza zomwe zinachitika, nthawi yomwe zinatenga ndi chifukwa chake. Imachedwa chifukwa munthu ayenera kuiwerenga, ndiye yambani mwafunsa kampaniyo ngati imalipira n'komwe.

Ngati wodwalayo ali pa Medicare, inshuwaransi ya boma la United States, kuyeza kwa audiologist, katswiri woyeza makutu, kumafuna kalata yochokera kwa dokotala. Kuyambira 2023 pali modifier AB yolola kuyeza popanda kalatayo kamodzi pa miyezi 12, koma ndi ya mavuto osakhala adzidzidzi. Munthu amene wangodzuka akumva mawu pawiri khutu litatseka salowa m'gulu limenelo, ndipo kunena zoona ayenera kuonedwa ndi dokotala wa makutu mwamsanga. Part B, gawo la Medicare lolipira madokotala ndi odwala osagonekedwa, silipira zipangizo zothandizira kumva, kapena kuyeza kongofuna kusankha chipangizo.

Pa fomu yotumizira bilu ya CMS-1500, matenda alowe mu bokosi 21 pa zilembo A mpaka L, ndipo mu 24E mzere uliwonse wa CPT uloze chilembo cha matenda omwe achititsa kuyezako. Mukaloza molakwika mutha kulandira CO-11, khodi yokanira bilu yonena kuti matenda sakugwirizana ndi ntchitoyo.

Za bilu yanu yobwezedwayo, yang'anani kaye chifukwa chomwe alemba. Ngati ndi CO-16 yokhala ndi MA130, Medicare sinaione n'komwe ngati bilu, ndipo palibe chochitira apilo. Konzani khodiyo n'kutumiza yatsopano miyezi 12 isanathe kuchokera tsiku lomwe wodwala anaonedwa. Ngati ndi CO-50, akuti kuyezako sikunali kofunikira, ndipo muli ndi masiku 120 opempha kuti aunikenso. Phatikizani audiogram, kalata ya dokotala ndi zolemba za tsikulo. Makampani ena ali ndi masiku awoawo, ena ochepa kuposa amenewa, choncho onani mu mgwirizano wanu lero lomwe.