Kodi n'zachibwana kubwera kunyanja chifukwa cha kanema wa nyimbo?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa ku Lilongwe. Akuti iye ndi anzake atatu akhala akusonkherana ndalama kuti adzaone Cape Maclear, ndipo chinawakopa ndi kanema wa nyimbo ina yachikondi yemwe anajambulidwa pamchenga, komanso timakanema ta pa TikTok ta anthu ali m'boti akuponyera nkhwazi nsomba. Bambo ake atamva anapukusa mutu, amvekere munthu wanzeru sataya ndalama potsata zapafoni. Ndiye wafunsa kuti: "Kodi n'zachibwana kusankha kopita chifukwa cha kanema? Nanga kunyanjako n'kokongoladi monga timaoneramu, kapena tikakhumudwa?"

Achemwali, bwerani. Si zachibwana ayi.

Bambo anuwo ndikuwamvetsa, ndalama ikuvuta masiku ano. Koma muwafunse mwaulemu chimene chinkatengera agogo athu ku Joni ndi ku Salisbury, komwe lero ndi ku Harare. Ankaona mnzawo wabwerako atavala suti, atanyamula wailesi, kapena akukankha njinga yatsopano, mtima n'kunyamuka. Kuno ku Mangochi mpaka lero anyamata a ku Makanjira ndi ku Namwera amakwera basi ya ku Johannesburg ataona zithunzi za anzawo pa Facebook. Munthu sanyamuka ulendo wopita kumene sanamveko mbiri yake. Kale mbiriyo inkabwera ndi munthu pakamwa, lero ikubwera ndi nyimbo, filimu ndi foni.

Ife a kuno tinaziona ndi maso mphamvu ya nyimbo. Chikondwerero cha nyimbo cha Lake of Stars chinayambira ku Chintheche mu 2004, kenaka kwa zaka zingapo chinkachitikira kuno ku Nkopola. Masiku amenewo msewu wa ku Monkey Bay unkadzaza magalimoto, malo ogona ankatha, akabaza ndi amayi ogulitsa kanyenya wa nsomba ankagona mochedwa. Ambiri mwa alendowo, Amalawi ndi akunja omwe, anabwerera oimba basi, nyanja anachita kuipeza. Koma ataiona m'mawa dzuwa likutuluka kuseri kwa mapiri a kutsidya, chaka chotsatira anabweranso popanda woimba aliyense wowaitana. Ngakhale dzina lachikondwererocho linachokera kunyanja komweko: akuti David Livingstone ndiye anaitcha nyanja ya nyenyezi ataona nyali za asodzi zikuthwanima pamadzi usiku.

Palinso alendo ena amene amandisangalatsa kwambiri. Ku Ulaya ndi ku America kuli anthu oweta mbuna, tinsomba tathu tamawangamawanga tija, m'mabokosi agalasi pabalaza. Munthu amakatisamala zaka khumi, kenaka n'kusunga ndalama kuti adzaone kwawo kwa tinsombato. Akafika pa chilumba cha Thumbi ku Cape Maclear n'kuviika nkhope m'madzi, amavuuka akusowa chonena. Nyanja yathuyi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi, n'chifukwa chake mu 1980 boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaika malowa m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse. Tsono ngati mzungu angaoloke nyanja zikuluzikulu chifukwa cha kansomba ka m'galasi, inu muchitirenji manyazi kukwera minibasi kuchoka ku Lilongwe chifukwa cha nyimbo?

Tsopano funso lanu lachiwiri lija. Kukongola kulipo, sanakunamizeni. Madzi a ku Otter Point, ku Cape Maclear komweko, ndi oyera moti mumaona miyala pansi, ndipo nkhwazi imatsikadi mwaliwiro mnyamata wa boti akaimba mluzu n'kuponya nsomba. Chimene kanema sanakuonetseni n'chakuti pamchenga pomwepo ndi pamudzi. Dzina lake ndi Chembe, ndipo mumakhala anthu masauzande. Wojambula amasankha kangodya kopanda anthu, n'kudikira dzuwa lipendeke. Akanangotembenuza kamera pang'ono mukanaona zina.

Mudzadzuke mbandakucha mudzaone nokha. Mabwato amene anagona panyanja ndi nyali amakhala akukocheza, anyamata akutuwa ndi tulo, akukoka ukonde wa chilimira kumtunda. Amayi amathamangira ndi mabeseni kukagula usipa, kukanganirana mtengo mokweza mawu, ena Chichewa ena Chiyao. Usipawo amauyanika pa thandala zazitali, ndipo fungo lake limakupezani muli kutali. Chapafupi mayi wina akukwecha poto ndi mchenga, mwana ali kumsana, ana ena akusambira ali chibadwire asanapite kusukulu. Kwa ine apa ndiye pokoma pa Cape Maclear. Koma ndaonapo atsikana atafika ndi madiresi ojambulitsira, n'kukwinya nkhope poona thandala, ngati kuti eni mudzi awaonongera chithunzi. Zimandipweteka mtima, chifukwa asodziwo analipo kamera isanabwere.

Kamera ilinso ndi mphamvu yosintha malo, ndipo apa mpofunika kuchenjera. Ku Thailand kuli gombe lotchedwa Maya Bay kumene anajambulira filimu ya The Beach, yomwe inatuluka mu 2000. Anthu anakhamukirako ochuluka zedi, maboti n'kuononga zamoyo zapansi pa madzi, mpaka mu 2018 boma linatseka gombelo, ndipo linadzatsegulidwanso mu 2022 ndi malamulo okhwima. Kwathu kuno sitinafike pamenepo, komabe zizindikiro zikuoneka. Tchuthi cha Khirisimasi kapena cha Pasaka chikatha, mabotolo ndi majumbo amangoti mbwee pamchenga. Aliyense amafuna mwala womwewo umene anauona pafoni, pamene gombe lonse kuchoka ku Makawa mpaka ku Monkey Bay lili ndi malo abwino osawerengeka. Ndipo alendo ena amajambula ana a eni ake akusamba, osapempha, n'kuwaponya pa intaneti. Inu musadzachite zimenezo. Kupereka moni ndi kufunsa kuti "Amayi, ndingajambule?" sikudya nthawi.

Pa za ulendo weniweniwo ndinene mwachidule. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti kumaomba mwera, nyanja imatha kukalipa ndipo usiku kumazizira. Okutobala ndi Novembala kumatentha koopsa. Mukakwera boti muumirire jekete yoyandamitsa ngakhale woyendetsa akuuzeni kuti ndi pafupi. Mtengo wa boti mugwirizane musanakwere. Polowa m'paki pamakhala kulipira, ndipo Mmalawi amalipira zochepa kusiyana ndi mlendo wakunja, choncho musaiwale chiphaso chaunzika. Neti ya udzudzu mugonemo. Likodzo liliko m'madera ena a m'mphepete mwa nyanja, ndiye patapita milungu ingapo mutabwerera kwanu mukayezetse kuchipatala.

Chimene ndikukupemphani kwambiri ndi tsiku limodzi lowonjezera, loti foni ikhale m'chikwama. Ku Cape Maclear komweko kuli manda a amishoni oyamba a Livingstonia, amene anafika mu 1875 koma malungo atawasautsa anasamukira ku Bandawe mu 1881. Ndi manda ochepa chabe pansi pa mitengo, phee, ndipo alendo ambiri amabwerera osadziwa n'komwe kuti alipo. Ku Monkey Bay mukhoza kupeza Ilala itakocheza, sitima imene yakhala ikunyamula anthu, matumba a chimanga ndi nkhuku panyanjayi kuyambira 1951. Mukadzera pa boma la Mangochi, lomwe kale linkatchedwa Fort Johnston, mutsike pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi pa Shire. Pamenepo pali chipilala cha wotchi chokumbukira Mfumukazi Victoria, pali mfuti ya sitima ya Gwendolen imene inaombera sitima ya Ajeremani panyanja yomweyi mu Ogasiti 1914, komanso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Viphya mu 1946. Sindinaonepo woimba akujambulira pamenepo, koma ine ndikadutsapo ndimaima kaye.

Nsima ya chambo mudzadyere m'kalesitilanti ka m'mudzi, ndipo zibangili mudzagule kwa amene wazipanga ndi manja ake, kuti ndalama munasonkha movutikirayo itsaleko kwa anthu a ku Chembe. Pobwerera mudzawagulire bambo anuwo usipa wouma ndi malambe, mukawauzenso za manda aja ndi za Viphya. Ndikukhulupirira adzakufunsani mafunso ambiri. Mukatsimikiza tsiku mundilemberenso, ndidzakuuzeni mmene mwera ukuombera sabata imeneyo.