Kodi maketing'i n'kutsatsa malonda chabe? Yankho kwa mchemwali wa ku Mangochi

Mtsikana wina wa ku Mangochi yemwe walemba mayeso a MSCE wanditumizira funso pa imelo. Akuti akufuna kudzagwira ntchito ya maketing'i koma sakudziwa poyambira. Pakadali pano amathandiza azakhali ake kugulitsa usipa wouma, ndipo amalume ake ali ndi boti loyendetsa alendo ku Cape Maclear. Wakhala akuika zithunzi za usipa pa WhatsApp ndi pa Facebook kwa miyezi iwiri, anthu amayamikira koma sagula. Akufunsa kuti, kodi akulakwitsa pati, nanga ntchitoyi imafuna sukulu yanji?

Mchemwali, choyamba dziwani kuti kutsatsa ndi kachigawo kamodzi chabe ka ntchitoyi, ndipo kamabwera kumapeto. Wa maketing'i amayamba n'kudziwa yemwe amagula, chifukwa chomwe amagulira, ndalama zomwe angathe kutulutsa, ndi komwe katunduyo angam'peze. M'mabuku a maphunzirowa muli mizati inayi yomwe E. Jerome McCarthy adaifotokoza mu 1960: katundu, mtengo, malo ndi kutsatsa. Inu mwayambira pa mzati wachinayi, itatu ija musanaiunike. N'chifukwa chake zithunzi zikukopa maso koma ndalama sizikulowa.

Tiyambe ndi ogula. Usipa wa azakhali anu uli ndi makasitomala a mitundu itatu, ndipo aliyense amafuna zake. Mayi wogula ndiwo zamadzulo amafuna mulu wotsika mtengo ndi banyira pamwamba. Wopikula wopita nawo ku Limbe kapena ku Lilongwe amafuna wambiri, wouma bwino kuti usachite nkhungu m'njira, komanso kuti aziupeza tsiku lomwe mwagwirizana. Wapaulendo wodutsa pa galimoto kuchokera kunyanja amafuna usipa wopanda mchenga, wopakidwa bwino kuti usanunkhitse galimoto, ndipo mtengo sadandaula nawo kwambiri. Chithunzi chimodzi sichingayankhule ndi anthu atatuwa nthawi imodzi. Komanso taonani omwe amaona status yanu: ambiri ndi anzanu akusukulu ndi achibale, anthu oti usipa amaupeza pakhomo pomwepo. Mukuitanira malonda kwa anthu osafuna.

Chitani izi kwa masabata awiri. Gulani kope la masamba ochepa, mulembe mizere isanu: tsiku, wagula ndani (mayi wapafupi, wopikula, wapaulendo), wagula zochuluka bwanji, wadziwa bwanji za inu, ndipo wadandaula chiyani. Amene wafunsa mtengo n'kuchoka osagula mulembenso, pakuti iyeyo ndiye amaphunzitsa zambiri. Mufunseni mwaulemu chomwe chamubweza. Anthu makumi atatu akakwana m'kopemo mudzaona nokha komwe ndalama zambiri zikuchokera, ndipo kawirikawiri zimachokera kwa anthu ochepa ogula mobwerezabwereza.

Pa katundu, ganizirani chomwe chingasiyanitse usipa wanu ndi wa ena khumi omwe akhala nanu mzere umodzi. Usipa woyanika pathandala sukhala ndi mchenga ngati woyanika pansi, ndipo wogula amazindikira zimenezi pa mano. Wofutsa, wowamba ndi woyanika padzuwa ali ndi okonda ake osiyana. Sankhani waukulu paokha, bonya paokha, musasakanize. Chimene chimapha malonda a nsomba n'kuika zabwino pamwamba, zoswekasweka pansi. Wopikula akakatsegula katundu ku Limbe n'kupeza zimenezo sabweranso, ndipo amauza anzake a m'basi momwemo.

Tsopano mtengo, pomwe ambiri amagwera osadziwa. Manambala awa ndi ongoyerekeza, inu muikepo enieni a sabata ino. Tinene kuti mwagula usipa padoko pa K20,000. Kabaza K1,500, nkhuni ndi mchere K2,000, zopakira K1,000, chiphaso cha pamsika K500. Zonse pamodzi K25,000. Mwayembekezera milu 30, koma milu itatu yatha ndi kusweka ndi kulawitsa, yatsala 27. Ndiye kuti mulu uliwonse wakudyerani pafupifupi K926. Mukagulitsa pa K1,000 mupeza K27,000, phindu K2,000 basi, ndipo mukamapereka banyira wa dzanja lodzaza kwa aliyense, phindulo latha, mwagwira ntchito yaulere. Pa K1,200 mupeza K32,400, phindu K7,400. Kusiyana kwa K200 pamulu n'kumene kukulekanitsa bizinesi yamoyo ndi yodya mpamba. Ngati msika sukulola K1,200, chepetsani kukula kwa mulu kapena funani wogula amene amalipirira ukhondo, koma musatsitse mtengo chifukwa choti mnzanu watsitsa musanawerengere zanu.

Kumbukiraninso kuti mtengo uyenera kuwerengedwa potengera ndalama zomwe mukaodere mawa, osati zomwe munaodera dzulo. Kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anagulitsa pa mtengo wakale anapeza kuti ndalama zawo sizikukwananso kuoda katundu yemweyo. Kunyanja kulinso zake: mphepo ya mwera ikaomba m'miyezi yozizira asodzi salowa m'madzi kawirikawiri, ndipo mwezi ukawala usipa suonekera ku nyali, choncho padoko umakwera mtengo. Amene anasunga wouma bwino panthawi yochuluka ndiye amapindula masiku amenewo.

Malo ndi nkhani yaifupi. Wapaulendo ali pa msewu wa ku Monkey Bay ndi wa ku Liwonde, sali mkati mwa msika. Wa ku Blantyre akhoza kulipira pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba, inu n'kutumiza pa minibasi, koma gwirizanani kaye kuti transipoti alipira ndani, ndipo mumutumizire nambala ya galimoto ndi ya kondakitala. Musatumize katundu ndalama zisanalowe, ndipo muone balansi pafoni yanu, chifukwa mauthenga abodza onena kuti ndalama zatumizidwa alipo.

Zitatu izi zikakhazikika, tsopano tsatsani. Uthenga wabwino umanena zinthu zinayi: chomwe chilipo, mtengo wake, komwe chili, ndi momwe munthu angachipezere lero. Kubisa mtengo kuti anthu afunse kumbali kumathawitsa ambiri. Jambulani m'mawa pa kuwala kwa dzuwa, muike mbale kapena dzanja pafupi kuti kukula kwa mulu kuoneke. Sungani manambala a omwe anagulapo, muwapemphe chilolezo, kenako muziwatumizira uthenga katundu watsopano akafika, osati tsiku lililonse. Kuno ku Mangochi ambiri amayankhula Chiyao, ndipo moni wa m'chiyankhulo cha wogula umatsegula chikwama msanga kuposa chikwangwani chachizungu. Dziwaninso kalendala ya anthu anu: m'mwezi wa Ramadan malonda a zakudya amasunthira chakumadzulo, ndipo Lachisanu masana ambiri amakhala kumzikiti. Wailesi monga Radio Maria ndi Dzimwe zimafika kumidzi komwe bandulo ya intaneti ndi yodula, koma musalipire wailesi musanadziwe kuti katundu mungakwanitse kupereka wochuluka bwanji.

Boti la amalume anu ndi phunziro lina, chifukwa iwo akugulitsa ntchito, osati chinthu chogwirika. Usipa munthu amalawa asanagule, koma ulendo wa ku chilumba cha Thumbi sangaulawe. Amagula chikhulupiriro. Choncho mtengo ulembedwe poyera ndipo usasinthe pakati pa nyanja, nthawi yonyamuka isungidwe, majekete oyandamitsa aoneke m'boti ndi m'zithunzi, ndipo zinenedwe kuti ulendowo ndi wa maola angati, mukaona mbuna ndi nkhwazi kapena ayi. Chachiwiri, mpando umene wapita wopanda munthu lero simungausunge kuti mugulitse mawa. Ndiye n'kwanzeru kutsitsa mtengo kwa magulu a sukulu kapena a mpingo pakati pa sabata, n'kusunga mtengo wathunthu pa Isitala, pa Khirisimasi ndi pa tsiku la anakubala la 15 Okutobala, pamene anthu amadzaza kunyanja. Kugwirizana ndi ogwira ntchito m'maloji kuti azilozera alendo kwa inu kumabweretsa anthu ambiri kuposa kuthamangira mlendo aliyense pamchenga, zomwe alendo ambiri zimawatopetsa.

Za sukulu, njira zilipo zingapo. Ku MUBAS ku Blantyre ndi m'mayunivesite ena muli maphunziro a bizinesi omwe maketing'i ndi gawo lake. Makoleji ena amaphunzitsa satifiketi ndi dipuloma za mabungwe akunja monga Chartered Institute of Marketing ndi ABE. Musanalipire fizi paliponse, fufuzani ngati kolejiyo ndi yovomerezeka ndi NCHE kapena TEVETA, mabungwe a boma oyang'anira maphunziro a m'makoleji. Masamu ndi Chingerezi muzizigwiritsitsa, chifukwa ntchitoyi ndi yowerengera ndi kulemba malipoti.

Ntchito zoyambira nthawi zambiri ndi zoyenda: kuzungulira m'magolosale kutenga maoda, kusanja katundu m'mashelefu a m'masitolo akuluakulu, kulawitsa anthu zinthu zatsopano, kulembetsa makasitomala a foni kapena a banki, kuyang'anira tsamba la loji pa Facebook. Zambiri malipiro ake ndi a komishoni, choncho funsani msanga kuti komishoniyo ndi zingati pa chinthu chimodzi, amalipira liti, ndipo transipoti ndi ya ndani. Chenjerani kwambiri ndi omwe amati mulipire ndalama yolowera kenako mubweretse anzanu atatu kuti mupeze phindu. Kumeneko ndalama sizichokera kwa ogula koma kwa olowa atsopano, ndipo otsiriza kulowa ndiwo amalira.

Kope lija mudzapite nalo ku intavyu. Mukadzafunsidwa zomwe mwachitapo, mudzatsegule muonetse kuti mwezi woyamba munkagulitsa milu ingati pa sabata, munasintha chiyani, ndipo mwezi wachitatu inafika ingati. Yambani kulemba mawa m'mawa, wogula woyamba akangofika pa benchi ya azakhali anu.