Kodi maikulosikopu ingatsimikize kuti tsamba ili ndi la luni?

Aphunzitsi ena a sayansi akusekondale anditumizira imelo. Ana awo a sukulu anatola masamba ooneka ngati a luni, koma chomeracho chinalibe maluwa kapena nyemba, ndipo akufunsa ngati maikulosikopu yapasukulu ingatsimikize kuti ndi lunidi. Aphunzitsi, ingakuthandizeni kwambiri, ndipo mwachita mwayi chifukwa mkati mwa tsamba la luni muli chizindikiro chimene zomera zambiri za m'banja lake zilibe.

Luni, amene akatswiri amamutcha Cleome gynandra, ali m'gulu la zomera za C4 pamodzi ndi chimanga, mapira ndi bonongwe. Zomera zimenezi zimapanga chakudya chawo mwa njira yoyenerera malo otentha ndi adzuwa lambiri, ndipo njirayo imaonekera m'mapangidwe a tsamba. Tengani kachidutswa ka tsamba laliwisi, mukapanikize pakati pa karoti wong'amba, kenako mudule mopingasa ndi lezala latsopano tizidutswa topyapyala kwambiri. Tambiri tidzakhala tokhuthala, choncho musankhe kamene kuwala kakudutsa, mukaike m'dontho la madzi pagalasi. Ngati tsambalo ndi la luni, mudzaona kuti mtsempha uliwonse wazunguliridwa ndi maselo akuluakulu obiriwira kwambiri, okhala ngati nkhata. Katswiri wa zomera wa ku Austria, Gottlieb Haberlandt, anafotokoza zimenezi kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndipo anazitcha Kranz, mawu a Chijeremani otanthauza nkhata yomweyo. Mukadonthezapo ayodini, nkhatayo imada chifukwa sitachi amaunjikana mmenemo. Mitsempha nayo imakhala yoyandikana kwambiri.

Cleome hassleriana, duwa lochokera ku South America limene limadzalidwa pokongoletsa pakhomo, lili ndi masamba onga zala ngati a luni, koma ndi la C3, gulu la zomera zimene sizitsata njira ya C4. Mukalidula simupeza nkhata yoteroyo, ndipo mitsempha yake ndi yotalikirana.

Komabe nkhatayo imangokuuzani gulu, sikuti imakupatsani dzina. Bonongwe nayenso ali nayo, kotero kuti pa mfutso wophwanyika simungasiyanitse ndiwo ziwirizi ndi chizindikiro chimenechi chokha. Apa m'pofunika kuona khungu la tsamba. Pakani kyutekisi wopanda mtundu kunsi kwa tsamba, mudikire aume, mumumatule ndi selotepi n'kumata pagalasi. Mudzaona timabowo topumira, maselo otizungulira ndiponso malo amene panali tiubweya. Ineyo sindikhulupirira kuwerenga timabowo tokha, pakuti chiwerengero chake chimasintha malinga ndi dzuwa ndi madzi amene chomeracho chinalandira, moti masamba awiri a chomera chimodzi angathe kusiyana. Njira imene katswiri wa zomera wa ku England, E. J. Salisbury, anapereka mu 1927 ndi yodalirikako: gawani chiwerengero cha timabowo ndi chiwerengero cha timabowo ndi maselo a khungu pamodzi, ndipo muchulukitse ndi 100.

Chitani zonsezi pa masamba angapo okhwima, moyerekeza ndi luni wodziwika bwino wa kumunda. Chomera chokayikitsacho muumitseko nthambi pakati pa nyuzipepala, mulembe malo ndi tsiku limene munatola, ndipo mupite nayo ku National Herbarium ku Zomba, kumene akaiyerekeze ndi zomera zosungidwa. Pamene mukudikira yankho lawo, ana asalawe masambawo.