Kuyankha mphwanga za Salima ndi Nkhotakota

Eee, mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Pepani, ndangoti ndijambule mawu chifukwa nkhaniyi ndi yaitali. Mphwanga, funso lako ndaliona m'mawa muja, lakuti pakati pa Salima ndi Nkhotakota, komwe kukuoneka ngati tauni yeniyeni ndi kuti, poti ukufuna malo otsegulako kashopu kako kokonza mafoni komanso ka Mpamba ndi Airtel Money. Amayi ako ayankha kale kuti ukhale kwathu ku Nkhotakota. Ine ndinakulira kumeneko, ndipo kuno ku Salima ndakhalako zaka zambiri, ndiye tamvera ndikuuze mmene ndimaonera.

Tikanena za kuchuluka kwa anthu, kusiyana kwake si kwakukulu ayi. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 37,000 pa tauni ya Salima, pomwe pa Nkhotakota anali 28,000 ndi kanthu. Onse ndi maboma a m'chigawo chapakati, onse ali mumsewu wa kunyanja wa M5. Koma utsike minibasi pa Kamuzu Road kuno ku Salima lero, mawa ukatsike pa Nkhotakota, sudzachita kufunsa munthu. Makutu ako okha adzakuuza.

Salima amamuyendetsa ndi anthu odutsa. Kuchokera ku Lilongwe ndi makilomita ngati 100 basi, munthu amanyamuka m'mawa, kudzagula nsomba, masana wabwerera. Lachisanu madzulo uziona magalimoto a ku Lilongwe ali ndondondo kupita ku Senga Bay, ndipo ambiri amayamba aima pano, wina kuthira mafuta, wina kutapa ndalama, wina kugula mayunitsi. Pa Kaphatenga paja ndi pomwe msewu wa ku Lilongwe umakumana ndi wa kunyanja, ndiye wopita ku Dwangwa, ku Nkhata Bay, kapena wolowera ku Chipoka ndi ku Golomoti, onse amapondako dera lino. Kuwonjezera apo pali asilikali a ku MAFCO ndi a ku Senga Bay, pali ogwira ntchito ku fakitale ya mango ndi ya shuga. Mwezi ukatha umachita kuoneka pa mzere wa ku banki. Akabaza ndiye osanena, njinga zili piringupiringu kuyambira m'bandakucha.

Ndipo ukudziwa chimene chinabala tauni imeneyi? Si nyanja ayi. Boma la Salima lili kumtunda, kuti ukaone madzi uyende makilomita ngati 20. Chinabala Salima ndi njanji, imene inafika kuno mu 1935 kuchokera ku Blantyre. Kwa zaka zambiri sitima inkathera pompano, mpaka pomwe anadzaipitiriza ku Lilongwe cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Ndiye thonje, mpunga, mtedza, zonse zinkasonkhana pano kudikira sitima, masitolo n'kumamera mozungulira. Khalidwe limenelo silinachoke. Munthu wa pa Salima anazolowera kugulitsa kwa mlendo amene sadzamuonanso. Pamsika umva Chichewa, Chiyao, Chitumbuka, Chilomwe, ndipo palibe amene angakufunse kuti ndiwe mwana wa yani. Ine utauni ndimauonera pamenepo, osati pa nyumba zosanja.

Tsono Nkhotakota. Apa ndilankhule mosamala chifukwa ndi kwathu, ndipo zimandiwawa anthu akamanena kuti kulibe kanthu. Nkhotakota ndi wakale kwambiri kuposa Salima. Nthawi imene kuno kunali minda ndi tchire, ku Linga, komwe kuli tauni ya Nkhotakota, kunali kale mudzi waukulu wa anthu masauzande. Jumbe, wamalonda wa Chiswahili, anakhazikika kumeneko cha m'ma 1840, zombo zake zikuoloka nyanja ndi minyanga ya njovu ndi akapolo. Mbiri yake ndi yowawa, koma ndi imene inaunjika anthu pamalo amodzi. Mtengo uja David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe mu 1863 ulipobe ku mishoni ya Anglican, pafupi ndi chipatala cha St Anne's, ndipo Bishopu Chauncy Maples, amene anamira panyanja mu 1895, anaikidwa m'tchalitchi cha pomwepo. Mu 1960 msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party unachitikira ku Nkhotakota, osati ku Salima. Iwe unkadutsa pamalo amenewa uli mwana ukupita kunyanja, kaya unkadziwa.

Ukalowa m'makwalala otsikira kunyanja aja, nyumba zake ndi zothithikana kuposa malo ambiri a kuno, mizikiti ili pafupipafupi, mitengo ya mango ikuluikulu, tinjira tokhotakhota. Anthu ndi ambiri ndithu. Koma ndi anthu okhazikika, agogo awo anabadwira pomwepo. Ukayenda kuchokera pamsika kufika kugombe upatsa moni anthu makumi awiri, ndipo theka la iwo akufunsa za amayi ako. Dzuwa likangolowa phokoso limatha msanga, kumatsala mafunde ndi nyali za asodzi a usipa. Mwera ukaomba, asodzi osalowa m'madzi, ndalama pamsika imachepa tsiku lomwelo. Nsima ya kondowole, mpunga wa kudimba, chambo cha ku Chia, munthu sugona ndi njala. Koma ndi moyo wa mudzi waukulu umene uli ndi maofesi a boma pakati pake.

China chimene anthu saganizira n'chakuti ndalama yaikulu ya boma la Nkhotakota siikhala pa boma. Ili ku Dwangwa, kumpoto, komwe kuli minda ya nzimbe ndi fakitale ya Illovo. Olandira malipiro ambiri ali kumeneko ndipo amagula komweko. Nawo alendo obwera kudzaona njovu, zija 500 anazisamutsa kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017, amangolunjika kunkhalango kapena kumalo ogona a m'mbali mwa nyanja, pamsika saima nthawi yaitali. Ilala ikafika gombe limadzaza, ikachoka kuli zii. Ndiye msewu wa M5 nawo, mukudziwa nonse mmene wativutitsira ndi maenje zaka zapitazi. Ukasowa sikirini ya foni uli ku Salima, utumiza uthenga ku Lilongwe m'mawa, madzulo yafika pa minibasi. Uli ku Nkhotakota kasitomala adikira.

Ndiye yankho langa, mphwanga, tauni ndi Salima. Pa ntchito yakoyo, imene imafuna anthu atsopano tsiku lililonse, ine ndikuti uyambire kuno. Koma ndisakunamize. Lendi ya kashopu pamalo abwino ndi yokwera, okonza mafoni alipo kale ambiri, ena aluso kwambiri, ndipo ukadwala palibe amene adzakutsegulire shopu. Kutentha kwa mu Okutobala ndiye uchite kukonzekera.

Achemwali, ndikudziwa mukufuna mwana akhale pafupi, ndipo sindikukutsutsani. Kwathu sadzalipira nyumba yogona, ndipo anthu adzamukhulupirira msanga chifukwa amakudziwani inu. Koma kumbukirani golosale yanga ija ndinatsegula kumeneko ndisanabwere kuno. Sinagwe chifukwa chosowa ogula. Inagwa ndi kabuku ka ngongole. Aliyense anali m'bale, ndipo m'bale sungamukanize sopo ndi mchere pamene ukudziwa kuti kunyumba kwake kuli matenda. Mpaka lero sindiwaimba mlandu, koma mpamba unathera momwemo. Tsono ndalama ya Mpamba ndi Airtel Money ndi yoopsa kuposa sopo, ikangochoka pang'ono ntchito yaima.

Chita chonchi. Bwera Lachisanu lino ugone kunyumba kwanga kuno ku Salima. Loweruka m'mawa tikakhale pa Kamuzu Road maola awiri, uwerenge wekha anthu oima pa ma ejenti, ufunsenso mitengo ya lendi ndi pakamwa pako. Lolemba ukachite chimodzimodzi pamsika wa ku Nkhotakota, amayi ako akakuperekeze. Ukakwera minibasi undiimbire ukafika pa Benga, ndidzakuchingamira pa depoti. Achemwali, mumupatsire ufa wa kondowole pang'ono, ana kuno akhala akuufunsa.