Tsiku lathu lalifupi limabwera mu Juni, osati Disembala

Asisi, mwafunsa ngati za winter solstice, tsiku lomwe usana umakhala waufupi kwambiri pachaka, zomwe achimwene anu a ku UK amaponya pa Facebook, anthu atasonkhana kudikira dzuwa, zikutikhudzanso ife kuno kapena ndi za azungu basi. Zikutikhudza ndithu, kungoti tsiku lawo si lathu. Iwowo amachita pa 21 kapena 22 Disembala, ife tili kummwera kwa equator ndiye lathu limagwa pa 20 kapena 21 Juni, m'kati mwenimweni mwa chisanu.

Chimene chimachitika n'chakuti dzikoli limazungulira dzuwa litapendekeka, pafupifupi madigiri 23 ndi theka. Mu Juni mbali ya kumpoto ndi imene imakhala itaweramira kudzuwa, ndiye kwa ife dzuwa limadutsa chotsika cha kumpoto, usana n'kufupika. Kuno ku Nkhotakota ndi Salima tsiku limenelo usana umakhala wa maola 11 ndi mphindi ngati 20, pomwe mu Disembala umatsala pang'ono kukwana maola 13. Kusiyana kwake ndi kochepa, n'chifukwa chake ambirife limangotidutsa osadziwa. Koma ku London kwa achimwene anuko mu Disembala usana sukwana n'komwe maola 8, ndipo ku Tromsø ku Norway dzuwa silituluka kuyambira kumapeto kwa Novembala mpaka pakati pa Januwale. Munthu wotere akamavina kuti dzuwa layamba kubwerera ali ndi chifukwa chake, ine ndimamumvetsa. Ku England amasonkhana pa miyala yakalekale ya Stonehenge, ku Iran amachezera usiku wonse wa Yalda pabanja akudya makangaza ndi mavwende, ndipo anzathu a ku Peru omwe ali kummwera ngati ife amachita mwambo wa dzuwa wotchedwa Inti Raymi ku Cusco pa 24 Juni.

Ife a kunyanja tili ndi mwayi womwe a ku Lilongwe alibe, kummawa kwathu kuli yeretu, kulibe chotchinga. Pitani kugombe m'mamawa cha m'ma 6 koloko, ku Senga Bay kaya kudoko kuno ku boma la Nkhotakota, muime pamalo amodzi omwe mungawakumbukire, mwala kaya tsinde la mtengo, muone pamene dzuwa likutulukira pamadzi. Kuyambira Januwale limakhala likusunthira kumanzere pang'onopang'ono, kulowera kumpoto, ikamafika Juni limakhala ngati laima pamodzimodzi kwa masiku angapo, kenako limayamba kubwerera kumanja. Mukabweranso pamalo omwewo mu Ogasiti mudzadabwa m'mene lasunthira. Ana amakonda zimenezi kwambiri, akaziona okha ndi maso zija amaphunzira kusukulu zimalowa msanga.

Koma ndikuuzeni zoona, musayembekezere kuti pa 22 Juni kuzizira kwatha. Julaye amabwera ndi kuzizira kwakenso, m'mawa dzuwa limapitiriza kuchedwa kutuluka mpaka cha m'kati mwa Julaye, madzulo ndi amene amayamba kutalika. Ndipo mwera nthawi imeneyi ndiye umakhala utakwiya, mabwato ali pamtunda masiku angapo, usipa wakwera mtengo, amayi ogula nsomba atangokhala pamchenga ndi mabeseni opanda kanthu atafunda zitenje kumutu, ndipo amene wakakamira kulowa m'madzi apabanja ake sagona tulo. Ndiye ine pamenepa ndi pamene ndimaona kuti tsikuli n'lofunika kwa ife. Likutiuza kuti ngakhale mphepo ikuwomba chonchi, kumwambaku zinthu zatembenuka kale, tsiku lililonse dzuwa likukwera, ndipo ikamafika Seputembala nyanja idzakhala itayamba kugona. Pofika kumapeto kwa Okutobala dzuwa lidzakhala paliwombo penipeni masana, mthunzi uli pansi pa mapazi. Munthu amene bwato lake lili pamtunda mawu amenewa amamulimbitsa mtima.

Ena mu gulu muno ayankha kale kuti ndi zachikunja. Abale anga, kuona pamene dzuwa latulukira si kulipembedza ayi, analenga dzuwalo ndi Mulungu yemweyo timamupempha kutchalitchi ndi kumzikiti. Komanso kuwerenga nyengo si kwachilendo kwathu kuno, taonani ku chilumba cha Mbenji kwa a Makanjira, amatseka usodzi mu Disembala n'kudzatsegula mu Epulo ndi mwambo waukulu, anthu n'kusangalala limodzi kuti nyengo yatsopano yafika.

Za kachitidwe kake ine ndimati tisakopere za anzathu, iwowo amayatsa makandulo chifukwa kwawo ndi mdima. Ife Juni ndi nthawi yomwe mpunga wangochoka kumunda, mbatata zilipo, mtedza wauma, kudimba tomato ndi mpiru zikubiriwira. Sonkhani moto panja madzulo, otchani mbatata, phikani phala la mpunga, agogo akambe nthano ana akuwotha, mafoni akhale kaye m'thumba. Ndipo chimene ndikupempha kwambiri, pa tsikuli muyang'ane m'nyumba mwanu ngati muli bulangeti kaya juzi yomwe simukuigwiritsa ntchito, mukapatse agogo omwe amagona okha kapena mwana yemwe amapita kusukulu m'mawa ndi malaya amodzi, chifukwa chibayo nyengo ino sichichedwa kugwira ana ndi okalamba.

Ngati m'gulu muno alipo ena ofuna, tipangane tikakumane kugombe m'mamawa wa pa 21 Juni dzuwa lisanatuluke, aliyense abwere ndi fulasiki ya tiyi ndi chovala chimodzi chopereka. Ana mubwere nawo koma muwaveke zofunda bwino, mphepo ya m'mawa kugombeko imalowa mpaka m'mafupa.