Thiraki ikaima, amalipira ndani? Yankho kwa dalaivala amene akufuna kusintha kampani

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa bambo ena amene ayendetsa thiraki ya katundu wouma pa kampani imodzi kwa zaka 7, ndipo anandipempha kuti ndisatchule dzina lawo. Mwachidule analemba kuti: "Kuno ndimalandira malipiro okhazikika pamwezi pamodzi ndi alawansi ya paulendo, koma ndalamazo zimachedwa, ndipo thiraki imene ndimayendetsa yakalamba moti imangondifera panjira. Kampani ina yonyamula mafuta yandiitana. Ili ndi mathiraki atsopano, imalipira potengera makilomita amene munthu wayenda, ndipo akuti ndiyambe Lolemba likubwerali. Kodi ndipite? Nanga ndingachoke osapereka notisi, popeza iwonso amandichedwetsera malipiro?"

Bambo, zikomo pondikhulupirira pa nkhani imene ikukhudza banja lanu lonse. Zifukwa zanu zofunira kuchoka ndi zomveka, ndipo sindikulangizani kuti mupirire mpaka kalekale pamalo pamene malipiro amabwera mochedwa komanso pamene mumagona m'mbali mwa msewu kudikirira makaniko. Koma pali funso limodzi limene ndikufuna mulitenge popita kukakumana ndi mabwana atsopanowo, chifukwa mayankho ena onse akutsamira pa limeneli: kodi thiraki ikaima, amalipira ndani?

Pa malipiro okhazikika amene mukulandira panopa, thiraki ikaima imene imaluza ndi kampani. Mukakhala masiku atatu pamzere wopakira katundu, kapena sabata yathunthu pachipata cha m'malire chifukwa mapepala a katundu sanalongosoke, mwezi ukatha ndalama yanu imakhala yomweyo ngakhale ibwere mochedwa. Pa malipiro a makilomita zinthu zimatembenuka, pakuti tsiku lililonse limene matayala sanazungulire ndi tsiku limene inu mwagwira ntchito yaulere, ngakhale kuti munali kutali ndi kwanu, mukulondera katundu wa eni. Inu mukudziwa kuposa ine kuti moyo wa dalaivala wa maulendo ataliatali uli ndi kudikira kochuluka: kudikira popakira, potsitsira, pasikelo, kugalaja, ndiponso kudikira kuti ofesi ipeze katundu wobwerera naye.

Tiyeni tiwerengere pogwiritsa ntchito chitsanzo chongoyerekeza. Tengani zonse zimene mwalandira m'miyezi itatu yapitayi, malipiro ndi alawansi yomwe, muzigawe ndi makilomita amene mwayenda, ndipo tinene kuti zikukupatsani 5 pa kilomita iliyonse. Kampani yatsopanoyo ikulonjeza 6, ndipo pakumva zikuoneka kuti mwakwera. Koma ngati panopa mumayenda maulendo anayi pamwezi, pamene kumeneko muzidzayenda atatu okha a mtunda womwewo chifukwa cha mizere ya kumalo opakira mafuta, ndiye kuti 5 kuchulukitsa ndi 4 ndi 20, pamene 6 kuchulukitsa ndi 3 ndi 18. Mudzakhala mutakwera thiraki yonyezimira koma m'thumba mukulowa zochepa. Sindikunena kuti ndi mmene zilili kumeneko, koma kuti nambala ya pa kilomita payokha sikuuzani kanthu mpaka mutadziwa kuchuluka kwa makilomita amene dalaivala wamba wa pakampanipo amayendadi pamwezi.

Choncho afunseni momveka kuti makilomitawo amawawerenga bwanji, kaya ndi amene galimoto yalemba kapena ndi a pamapu a mu ofesi, chifukwa msewu ukatsekedwa n'kuzungulira njira ina, kusiyanako kumagwera inu. Afunseninso ngati amalipira ulendo wobwerera thanki ili yopanda kanthu, ngati pali ndalama ya tsiku limene mwadikira popanda kulakwa kwanu, ndiponso ngati pali malipiro ochepetsetsa amene mudzalandirabe mwezi umene thiraki yakhala kugalaja. Mayankho a wolemba anthu ntchito muwamve, koma mukawayese kwa madalaivala a kampaniyo amene mumakumana nawo m'malo oimika mathiraki. Musafunse mmodzi yekha, ndipo ngati n'kotheka mupeze wina amene anachokako, chifukwa iyeyo alibe chifukwa chokometsera nkhani. Kampani imene imangolemba madalaivala atsopano mwezi ndi mwezi pamene mathiraki ake sakuchuluka ikukuuzani kuti pali chimene chikuthamangitsa anthu.

Pali chinanso chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri pa malipiro a makilomita, ndipo si ndalama ayi. Malipiro otere amamunong'oneza dalaivala kuti apitirize kuyenda pamene thupi likumuuza kuti aime. Munthu amene wataya masiku awiri pamzere amafuna kuwabweza poyenda usiku, ndipo tulo ta pachiwongolero sitichenjeza. N'chifukwa chake mayiko ambiri anaika malire a maola oyendetsa. M'mayiko a European Union, lamulo la 561/2006 limalola dalaivala kuyendetsa maola 9 patsiku, kapena 10 kawiri pasabata, limamulamula kupuma mphindi 45 akayendetsa maola anayi ndi theka, ndipo silimulola kupitirira maola 56 pasabata kapena 90 pa masabata awiri otsatizana. Ku United States malire ndi maola 11 oyendetsa pambuyo popuma maola 10 otsatizana, ndipo kuyambira mu December 2017 madalaivala ambiri kumeneko amayenera kukhala ndi makina olemba okha maolawo. Malamulo a kumene inu mumayenda akhoza kusiyana ndi amenewa, koma thupi la munthu ndi limodzimodzi kulikonse, ndipo manambalawa ndi muyeso wabwino woyesera zimene bwana akukupemphani. Mufunse manijala wokonza maulendo kuti ulendo wakutiwakuti amaupatsa masiku angati, kenako muwerengere nokha. Mukapeza kuti sungatheke popanda kuyendetsa maola 14 patsiku, mwadziwiratu mtundu wa foni zimene muzidzalandira pakati pa usiku.

Tsopano ndibwere ku mafuta, chifukwa apa ndi pamene madalaivala ambiri ochokera ku katundu wouma amapsa. Mafuta amafufuma kukatentha ndipo amanyala kukazizira. Dizilo wokwana malita 30,000 amene wapakidwa kotentha n'kukatsitsidwa kutentha kwake kutatsika ndi madigiri 10 akhoza kuoneka kuti waperewera ndi malita opitirira 200, chikhalirecho palibe amene watsegula chilichonse. Pachifukwa chimenechi, ochita malonda a mafuta amawerengera kuchuluka kwake potengera kutentha kumodzi kogwirizana, kawirikawiri madigiri 15, ndipo kampani yachilungamo imakhala ndi mlingo wa kuperewera umene siimudula nawo dalaivala. Muyenera kuudziwa mlingo umenewu musanayambe, ndipo ukhale wolembedwa. Mudziwenso amene amamata ndi kumatula zidindo za pathanki, komanso ngati mumaloledwa kuonerera pamene akuyeza popakira ndi potsitsira. Chimodzimodzinso dizilo woyendera thirakiyo: ngati amakupatsani malita owerengeka paulendo, kodi anaganizirapo za zitunda, kulemera kwa katundu ndi nthawi imene injini imalira muli pamzere?

Nkhani ya kudula malipiro si yongodalira mtima wa bwana. Pangano la nambala 95 la bungwe la International Labour Organization, la chaka cha 1949, limanena kuti malipiro a wantchito azidulidwa pokhapokha motsatira malamulo a dziko kapena mgwirizano wovomerezeka, ndiponso kuti wantchitoyo aziuzidwa mmene kudulako kungachitikire. Mawu akuti "dalaivala adzalipira chilichonse chimene chatayika kapena kuwonongeka" ndi otakata kwambiri, ndipo ine sindingasaine pansi pake asanandifotokozere kuti tayala likaphulika, galasi likasweka ndi mwala, kapena apolisi a pamsewu akalipiritsa chindapusa chifukwa cha vuto la galimoto, udindo umagwera ndani.

Kuyendetsa thanki kulinso ndi luso lake limene zaka 7 za katundu wouma sizinakuphunzitseni, ndipo ndikunena izi mwaulemu wonse. Madzi kapena mafuta amayenda m'kati mwa thanki, makamaka ikakhala yosadzaza, moti mukaponda mabuleki amakukankhirani kutsogolo, ndipo pokhota amatsamira mbali imodzi n'kufuna kugudubuza galimoto pa liwiro limene thirela ya matumba ikanadutsa bwinobwino. Mayiko amene amatsatira pangano la ADR lokhudza kunyamula katundu woopsa pamsewu, limene linasainidwa ku Geneva mu 1957, amafuna kuti dalaivala wa katundu woopsa aphunzire ndi kukhala ndi satifiketi imene imagwira ntchito zaka zisanu, ndipo mayiko ena ali ndi zilolezo zawo zofanana nayo. Kampani imene ikufuna kuti muyambe Lolemba iyenera kukuuzani kuti maphunzirowo mudzachita liti ndipo adzalipira ndani. Ngati alipira iwo n'kukumangani kuti musachoke kwa zaka zakutizakuti, zimenezo si zachilendo, koma muone kuti ngongoleyo ikuchepa pamene miyezi ikupita. Akakuuzani kuti mungoyamba ndipo mapepala adzabwera pambuyo, dziwani kuti ngozi ikachitika a inshuwalansi akhoza kukana kulipira, ndipo amene adzaime pamaso pa woweruza ndi amene anali pachiwongolero.

Zonsezi zikhale mu kontirakiti imene mwaiwerenga muli kunyumba mtima uli m'malo, osati pa kauntala munthu atakugwirirani cholembera. Laisensi yanu ndi pasipoti yanu azingojambula n'kukubwezerani, pakuti palibe chifukwa chabwino chimene bwana angasungire zikalata zenizeni za wantchito wake.

Funso lanu lachiwiri ndiliyankha mosazungulira: musachoke osapereka notisi. Ndikumvetsa kuti mtima ukukuuzani kuti amene sasunga tsiku la malipiro sayenera kusungiridwa tsiku la notisi, koma amene adzavutike ndi kuchoka kotereku ndi inu. M'malamulo a ntchito a mayiko ambiri, wochoka mosatsanzika akhoza kudulidwa ndalama zolowa m'malo mwa notisiyo, ndipo mukatero mudzakhala mutawapatsa chifukwa chogwirira ndalama zimene akanayenera kukupatsani, monga za masiku a tchuthi amene simunapite ndi malipiro otsalira. Kuwonjezera apo, ntchito ya mathiraki ndi mudzi waung'ono. Mamanijala amadziwana, amakumana m'malo opakira omwewo, ndipo amaimbirana foni. Ku United States zimenezi zinafika pokhala lamulo, moti kampani yolemba dalaivala imayenera kufufuza mbiri yake kwa mabwana amene anawagwirira ntchito m'zaka zitatu zapitazo. Kwina zimachitika ngakhale popanda lamulo, ndipo dzina la dalaivala limafika pakampani mwini wake asanafike.

Ndinaonapo dalaivala waluso, amene anali asanachitepo ngozi, atasiya thiraki pamalo oimikapo magalimoto kutali ndi likulu la kampani, makiyi n'kusiyira mlonda, chifukwa chopsa mtima ndi alawansi imene sinatumizidwe. Dandaulo lake linali loona, koma pofika tsiku limene thirakiyo inatengedwa mabatire ndi tayala lapadera zinali zitasowa, ndipo nkhani imene inatsala m'kamwa mwa anthu sinalinso ya alawansi. Zinandipweteka kumuona akuyenda ndi mapepala ake kampani ndi kampani, aliyense akumuuza kuti adzamuimbira.

Inu muchite mosiyana. Dikirani kaye kalata yokulembani ntchito kuchokera ku kampani yatsopanoyo, yokhala ndi tsiku loyambira, ndipo mukatero lembani kalata yosiya ntchito, yaifupi ndi yaulemu, n'kusunga kope losainidwa ndi amene wailandira. M'kalata ina yapadera lembani ndalama zonse zimene kampani ikuyenera kukupatsani, mwezi ndi mwezi, ndipo ngati sakulipirani, ofesi ya zantchito kapena bungwe la madalaivala ndi kumene mungakadandaule muli ndi umboni m'manja. Pemphani kalata yosonyeza zaka zimene mwagwira ndi mtundu wa magalimoto amene mwayendetsa, funsani za ndalama zanu za penshoni ngati munkadulidwa, ndipo thiraki muibweze ku likulu, katundu atatsitsidwa, wina atawerenga nanu matayala, jeke, zingwe, matenti ndi dizilo wotsala, nonse n'kusaina.

Za Lolemba likubwerali, auzeni mabwana atsopanowo kuti muli ndi notisi yoti mumalize. Kampani yolongosoka idzakondwera kumva zimenezo, chifukwa ikudziwa kuti mmene mukuchokera kwa anzawo ndi mmenenso mudzachokere kwa iwo. Ikakana kudikira ngakhale masabata ochepa, ine ndingakayikire kuti mwina pali thiraki imene dalaivala wake waithawa mwadzidzidzi, ndipo ndingafune kudziwa chimene chinamuthawitsa. Koma akavomera kudikira, akalemba malipiro ochepetsetsa a pamwezi, ndalama ya masiku odikira ndi mlingo wa kuperewera kwa mafuta, ndiponso akakutumizani ku maphunziro musanakwere thanki, pamenepo ndikuti pitani, bambo, ndipo musadziimbe mlandu chifukwa cha zaka 7 zimene mukusiya, pakuti munazigwirira ntchito mokwanira.

Tsiku limene adzakupatseni makiyi, musafulumire kutuluka pageti ngakhale thirakiyo ikhale yatsopano chotani. Izungulireni muli ndi munthu wa kugalaja, muyese mabuleki ndi mphepo yake, muone matayala limodzilimodzi, magetsi, zozimitsira moto ndi mavavu a pathanki, mujambule ndi foni paliponse pamene pali chilema, ndipo zonsezo zilembedwe pa pepala lolandirira galimoto lokhala ndi deti ndi siginecha ya amene wakupatsaniyo. Ngati giya yake ndi yosintha yokha ndipo simunayendetsepo yotere, pemphani kuti ulendo woyamba mupite ndi dalaivala amene anaizolowera, makamaka chifukwa cha mitsetse italiitali imene thanki yodzaza imafuna kuti muitsike ndi buleki ya injini.