Zochotsa msonkho pa dizilo wa magetsi ayi

Ayi achimwene, zoti boma lichotse msonkho pa dizilo wa majenereta akuluakulu kuti magetsi asamazime, ine ndikukana. Boma likapeputsa msonkho pa chinthu, makampani onse amathamangira komweko. Dizilo akatchipa, ndani angavutike kumanga sola kapena damu? Tinaona majenereta a dizilo obwereka ku kampani ya Aggreko aja, opanga magetsi okwana mamegawati (MW) 78, kuyambira 2018 mpaka 2022. Magetsi ake anali odula kuposa opangidwa ndi madzi a mtsinje wa Shire, ndipo ndalamayo inkachoka m'thumba mwathu tikamagula mayunitsi. Pomwe ku Salima, kampani ya JCM inamanga sola ya 60 MW a ESCOM atawatsimikizira kuti magetsi awo azigulidwa kwa zaka 20.

Ine zinandiwawa mu 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira dziko n'kutaya pafupifupi 130 MW. Ndimagulitsa nkhuku zopha kale. Nditamva kuti zipangizo za sola zatsika msonkho, ndinatenga ngongole ku banki m'khonde n'kugula mapanelo, inveta ndi mabatire kwa bambo wina wa shopu m'tauni. Analumbira kuti fuliji yanga igona ikulira mpaka m'mawa. Sabata imeneyo ndinali ndi oda ya ukwati, fuliji yodzadza mpaka kukamwa. Magetsi anazima Lachisanu masana, inveta inayamba kulira usiku, kenako zii. Loweruka m'bandakucha nditsegule, madzi ofiira akuyenderera pansi, nkhuku zachita kuterera, fungo mpaka kwa aneba. Amayi a mkwatibwi anafika ndi mabeseni, anangondiyang'ana osayankhula. Ndinalira pamaso pa ana anga.

Mabatire aja anali akale, anangowapenta. Ndipite kushopu, akuti ndinalumikiza molakwika, risiti kulibe. Munthu walowetsa katundu mopeputsidwa msonkho, mtengo osatsitsa, n'kugulitsanso zinyalala! Mulungu akumuona ameneyo.

Chinanso chondipweteka, pa lita iliyonse ya mafuta timalipirapo ya misewu ndi ya MAREP, pulogalamu yofikitsa magetsi kumidzi. Jenereta yanga imayenda pa msewu uti?

Ndiye inu a bizinesi, sola gulanibe, koma kwa ogulitsa ovomerezeka ndi MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, risiti ndi waranti zili m'manja. Ndipo kajenereta kakang'ono kasasowe pakhomo, ndi chigubu cha mafuta pambali. Ine kwanga ndi kamene kamapulumutsa nkhuku mpaka pano, ngakhale mafuta ake akundimaliza.